Kumba, Usazule

Mvula yagona masiku atatu pa Mabvuku.
Lachinayi dzuwa latuluka mwamanyazi
ngati wangongole wobwera chimanjamanja.
Ndadzutsa Tiyesenawo mbandakucha,
tadutsa pokwerera makombi, tawoloka msewu wa ku Mutare,
mpaka m'thengo la kuseri kwa damu la Cleveland
kumene misasa idakali kudontha.

Iye ndiye wayamba kuona.
"Nhedzi!" wakuwa m'chinenero cha kusukulu,
dzanja latsika kale ngati mphamba.
Ndamugwira pamkono.
Ku Ntcheu, kumene sunapondeko, ameneyu ndi ndelema,
koma dzina sadya, mwanawe.
Gwada.

Kumba, usazule.
Bowa amabisa chitupa chake m'dothi
monga agogo ako a Lupiya ankabisira chawo m'sokosi
apolisi akamayenda m'makomboni.
Lowetsa kamtengo pambali. Tukula pang'onopang'ono.
Waona kathumba koyerako, kong'ambika ngati chikhokhombe cha dzira?
Anaswa m'menemo usiku wathawu.

Kwera ndi mwendo wake.
Pakhosi pali kansalu kolendewera
ngati pitikoti wokodwa pa waya.
Mutembenuze: mizere yoyera mbee, yothithikana,
masamba a buku losalembedwamo.

Wamwetulira, akuti tatha.
Sitinathe.
Wakupha uja nayenso ali ndi kathumba,
ali ndi pitikoti, kunsi kwake ndi koyera chimodzimodzi.
Amabwera ku ukwati atavala yunifolomu ya banja.

Tsono yang'ana chipewa.
Wathu m'mbali ndi woyera, pakati pokha ndi pofiirira
ngati pamene panakhala kapu ya tiyi pa nsalu ya patebulo.
Amaterera, amanyezimira,
ndipo m'mphepete muli timizere
ngati wina wadutsitsamo chipeso.
Winayo m'mphepete ndi mosalala see,
khungu lake lobiriwira ngati madzi ogonera m'mgolo.

Kenaka dzutsa mutu.
Funsa mtengo umene wam'fungatira.
A Lupiya anaphika zaka makumi atatu ku Avondale,
pabwalo pali mitengo ya oki yochokera kutsidya kwa nyanja.
Pansi pake pankamera bowa wonenepa, wokongola,
iwo ankamukankhira m'dzala ndi fosholo.
Ankati mlendo ameneyu anadza ndi mitengo ya eni ake,
satidziwa, sitimudziwa.
Ankanena osaseka,
iwonso mlendo, fosholo ili m'manja.

Za nkhono usamvere,
zoti ikalumako ndiye kuti n'ngwabwino.
Nkhono ilibe chiwindi chako.
Za supuni yoda m'poto usamverenso.

Ine ndimakolopa ku chipatala cha Gomo.
Mwezi ngati uno anabwera nawo asanu a nyumba imodzi.
Tsiku lachitatu anadzuka, anaseka, anapempha tiyi,
wamng'onoyo anandifunsa dzina la ndowa yanga.
Lachisanu maso anali achikasu ngati papaya.
Ndinakolopa pansi pa mabedi asanu,
kenaka pansi pa awiri.
Izi sindinamuuze Tiyesenawo.
Ndangomufinya mkono kuposa muyeso
mpaka wandiyang'ana.

Dzuwa likufika paphewa, m'dengu muli asanu ndi awiri,
aliyense wafunsidwa mafunso onse, wayankha.
Wachisanu ndi chitatu ndi dzira chabe,
loyera, lolimba, losuzumira m'masamba owola.
Sanatsegule chipewa, alibe chotionetsa.
"Ndi mwana wa awa," akutero Tiyesenawo.
Mwina.
Koma amene sanayankhule sitipita naye kunyumba.

Wamufunditsa masamba mokwiya,
wazika kachitsekerero ka botolo pambali pake.
"Mawa atola ena."
Atole.

Pobwerera, matope atilemera m'mapatapata.
Ali patsogolo, dengu pamutu, sakundiyankhula.
Koma pafupi ndi msewu, malole akudutsa,
ndamumva akuyesa mawu aja pansipansi,
lilime likupunthwa pa l,
nderema, ndelema, ndelema.